Mutu 14: Kudula denga la galimoto

Pa msewu wa M5, kuchokera pa Golomoti kudutsa pa Mua mpaka pa Mtakataka, ndi magalimoto ochepa amene akadali monga adatulukira kufakitale. Pikapu yasenza matumba a mpunga wa ku sikimu ya Bwanje, koma kumbuyo kwake adaiwotcherera zitsulo zazitali kuti katundu azikwera kupitirira mutu wa dalaivala. Minibasi ina ukaiyang'anitsitsa mawindo ake am'mbali sakufanana, chifukwa idabwera ili vani ya katundu ndipo mawindowo adachita kuboola ndi munthu. Ngolo ikukokedwa ndi ng'ombe ziwiri, pamene ekiselo ndi matayala ake zidayendapo pa phula zili kunsi kwa Datsun. Kuno galimoto siifa msanga. Imadulidwa, imalumikizidwa, imapatsidwa ntchito ina.

Kudula kwathu konseku cholinga chake n'chimodzi, choti galimoto inyamule zambiri. Koma kunja kuno kuli anthu ena amene amadula galimoto kuti malo achepe. Amatenga galimoto yakale yabwinobwino, n'kudula mizati yonse yogwira denga, kuchotsapo chidutswa cha masentimita 8 kapena 10, kenako n'kubwezera dengalo pamalo pake litatsika. Ntchitoyi imadya miyezi, ndalama zake n'zoti munthu angagulire galimoto ina, ndipo ikatha mwini wake amalowamo chowerama. Kwathu kuno anganene kuti mkuluyo ndalama zamulezeretsa. Komabe amisiri osula mabodi a magalimoto amaiona ntchito imeneyi ngati mayeso aakulu a luso lawo, ndipo zimene imaphunzitsa zikumukhudza aliyense wokwera minibasi ya ku Salima kapena ya ku Balaka.

Zidayambira pa nyanja zouma

Mchitidwewu udabadwira ku California, m'dziko la America, m'zaka za m'ma 1930. Kumpoto kwa mzinda wa Los Angeles kuli chipululu cha Mojave, ndipo m'chipululumo muli nyanja zimene zidaphwa kalekale n'kusiya dothi lolimba, losalala, la makilomita ambiri popanda mtengo kapena mwala. Anyamata a mumzinda ankapita kumeneko, ku Muroc ndipo pambuyo pake ku El Mirage, kukayesa liwiro la magalimoto otha amene ankagula motchipa. Ankakonda kwambiri a Ford, makamaka a 1932, chaka chimene kampaniyi idayamba kuika injini ya masilinda 8 m'galimoto ya munthu wamba. Mu 1937 magulu awo adapanga bungwe loyeza liwiro la Southern California Timing Association, ndipo mu 1949 bungweli lidayamba kuchititsa mpikisano pa chigwa cha mchere cha Bonneville ku Utah.

Mdani wawo wamkulu adali mpweya. Mphamvu imene mpweya umakankha nayo galimoto siikula mofanana ndi liwiro. Ukawirikiza liwiro kawiri, kukankhako kumakula kanayi, ndipo mphamvu imene injini iyenera kutulutsa kuti ilimbane ndi mpweyawo imakula kasanu ndi katatu. Pa makilomita 40 pa ola nkhani imeneyi ilibe ntchito. Pa makilomita 200, sentimita iliyonse ya nkhope ya galimoto imadya mphamvu ya injini. Magalimoto a nthawiyo adali ataliatali, galasi lakutsogolo lili chilili, denga lili m'mwamba moti bambo ankakhalamo chipewa chili kumutu. Wosowa ndalama zogulira injini yaikulu adali ndi njira ina yotchipa, ndiyo sowo.

Chitsanzo chotchuka ndi Ford ya 1934 ya abale awiri, Bob ndi Dick Pierson. Bungwe limene linkayendetsa mipikisano yawo lidalamula kuti galasi lakutsogolo lisachepere mainchi 7, amene ali pafupifupi masentimita 18. Lamulolo silidanene kuti galasilo liime bwanji. Makaniko wawo, Bobby Meeks, adadula mizati kwambiri n'kuigoneka cham'mbuyo, moti galasi lidakwanabe mainchi 7 ukaliyeza ndi tepi, koma woliona kutsogolo ankangoona kampata. Galimotoyo idathamanga kupitirira makilomita 220 pa ola. Woyendetsa ankaona pang'ono chabe, koma pa nyanja youma palibe mbuzi yodumpha msewu.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, anyamata ambiri adabwerera kwawo ataphunzira kuwotcherera ndi kusula malata kuusilikali ndi m'mafakitale a ndege. Apa nkhani idatembenuka. Anthu adaona kuti galimoto yotsika denga imaoneka ngati ikuthamanga ngakhale itaima, ndipo ena adayamba kudula chifukwa cha maonekedwe okha. Odziwika kwambiri adali abale enanso awiri, Sam ndi George Barris a ku Los Angeles. Sam adali mmodzi mwa oyamba kudula denga la Mercury ya 1949, galimoto imene bodi yake ndi yozungulira paliponse, yopanda mzere woongoka woti mmisiri ayambirepo. Mu 1952 galaja yawo idakonzera Bob Hirohata, mnyamata wa ku America wa makolo ochokera ku Japan, Mercury ya 1951. Kutsogolo adatsitsa denga ndi mainchi 4, kumbuyo ndi mainchi 7, kuti lizioneka lotsetsereka, ndipo mizati yapakati adaichotseratu. Galimoto imeneyi ikadalipo. Mu Januwale 2022 idagulitsidwa pa okushoni ku Florida pa madola oposa 2 miliyoni, mtengo umene Mercury yosadulidwa ya chaka chomwecho siiuyandikira n'komwe.

Pamene pamagona vuto

Wosadziwa amaganiza kuti ntchitoyi ndi kudula, kuchotsa ndi kutsitsa, basi. Pa Ford zakale kwambiri, za m'ma 1920, zidali pafupifupi choncho, poti mizati yake idali yoongoka ndipo denga linkatsika n'kugwera pomwe lidachoka. Koma chipinda cha magalimoto ambiri ndi chotakata pansi, chopanikizika pamwamba. Tengani ndowa ya malata, muivundikire, mudulemo lamba wa zala zinayi pakati pake, kenako mukhazike mbali yapamwamba pa yapansiyo. Sizikumana. Yapamwamba yachepa, ikungolowa mkati. Denga la galimoto limateronso, ndipo limachepa mbali ziwiri nthawi imodzi: m'litali, chifukwa magalasi akutsogolo ndi akumbuyo ndi opendekeka, ndi m'lifupi, chifukwa mizati yam'mbali imaweramira mkati.

Mmisiri ali ndi njira ziwiri zotsekera mpata umenewu, ndipo iliyonse ili ndi msonkho wake. Angathe kucheka patsinde pa mzati uliwonse n'kuugoneka pang'ono kuti ukakumane ndi denga. Akatero ndiye kuti wasintha kapendekedwe ka galasi, ndipo mawonekedwe a mawindo onse asinthanso. Kapena angathe kulicheka dengalo pakati, mwina zidutswa ziwiri, mwina zinayi, n'kuzitalikitsa kuti chilichonse chikhale pa mzati wake, kenako n'kuikamo malamba a chitsulo otseka mipata. Njira yachiwiriyi imasunga mizati, koma imamukakamiza kuwotcherera msoko wautali pakati pa lata lalikulu, lopyapyala, lopanda kanthu kolilimbitsa. Palibe malo ena pa galimoto amene amapindika msanga ndi moto kuposa pamenepo. Amisiri ambiri amaphatikiza njira ziwirizi, ndipo luso lenileni lili pa kuoneratu m'mutu, sowo isanakhudze chitsulo, mzere umene denga lidzatsate kuchokera pa galasi mpaka ku buti.

N'chifukwa chake masiku oyamba onse amathera pa kuyeza. Magalasi, mipando, nsalu ya kudenga, mawaya, batire ndi thanki ya mafuta, zonse zimatuluka. Galimoto imakhazikidwa pa zochirikiza, pamalo osalala, n'kuikidwa levulo mbali zonse. Zitseko zimakonzedwa kaye kuti zizitsekeka bwino, chifukwa ndi zimene zidzanene pambuyo pake ngati bodi yasuntha. Kenako mkati monse amawotchereramo mapaipi kapena zitsulo za ngodya, zina mopingasa, zina mopingana, kuchokera pa mzati wina kufika pa unzake, kunsi kwa pamene padzadulidwe. Wolowa m'galaja tsiku limenelo amaona galimoto yodzaza ndi zitsulo mkati moti ngakhale mwana sangakwawemo. Zitsulo zimenezi zimagwira ntchito imene denga linkagwira. Kupanda izo, denga likangochoka bodi imatambasuka, pakati pamatsika, ndipo zitseko sizidzatsekekanso bwino mpaka kalekale.

Akatha apo amakoka chingwe pakatikati pa galimoto kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, n'kulemba mzere. Amayeza kuchokera pa ngodya ina kupita pa ngodya yopingana nayo, kenako mbali inayo, kufikira manambala atafanana. Pa mzati uliwonse amamata tepi ya pepala yofanana m'lifupi ndi chidutswa chimene chichoke, ndipo amasankha pamene mzatiwo uli woongoka kwambiri, kuti mbali ziwiri zidzakumane zofanana kukula. Kudulako ndiye kwachidule. Anthu anayi amalinyamula dengalo, aliyense pa ngodya yake, n'kuliika pambali. Likabwerera amayamba kukumanitsa kutsogolo, chifukwa galasi lakutsogolo silikhululuka, ndipo zolakwika zonse amazikankhira kumbuyo kumene lata lingathe kusulidwa.

Wogula ntchito sazimvetsa zimenezi, kaya ndi ku California kaya pa Golomoti. Amafika n'kuloza ndi chala: "Madala, mungodula apa ndi apa, Loweruka ndikufuna ikhale pamsewu." Mmisiri wodziwa ntchito yake amayankha kuti, "Bwana, kudula ndidula musanamalize fanta yanuyo. Koma mundisiyire sabata yoyeza." Amene amavomera za Loweruka ndi woti mumuthawe.

Kulumikiza kuli ndi malamulo ake. Mzati si lata limodzi; ndi malata awiri kapena atatu opindidwa n'kukhala ngati paipi. Mmisiri wabwino sadula onse pamzere umodzi. Lakunja amalidula apa, lamkati chapansi pang'ono, kuti misoko isagundane, ndipo mkati amalowetsamo chitsulo china cholumikiza mbali ziwirizo. Pa lata la denga, limene silipitirira milimita imodzi kwenikweni, sawotcherera ulendo umodzi. Amagwiriza kadontho apa, n'kudumpha kukagwiriza kutali, kudikira kuti pazizire, kumenya pang'ono ndi hamala atatsamiritsa chitsulo kunsi, n'kubwereranso, kufikira madontho onse atakumana n'kukhala msoko. Makina owotcherera amene ali pa ma trading centre athu, a ndodo zija zopangira mawindo ndi mageti, ndi amphamvu kwambiri pa lata lotere, amangoliboola. Pamafunika moto wa gasi wochepetsedwa bwino, kapena makina a MIG otulutsa waya wopyapyala. Ndipo denga likatha, chitseko chilichonse chimafunanso kudulidwa pamwamba pake mofanana, pamodzi ndi mizere yoyendamo galasi ndi malabala otchinga madzi.

Galasi ndi mtovu

Ambiri amene adayamba ntchitoyi n'kuisiyira panjira adagonja ndi galasi, osati chitsulo. M'galimoto muli magalasi a mitundu iwiri. Lakutsogolo ndi magalasi awiri omatidwa ndi pulasitiki pakati, n'chifukwa chake mwala ukalimenya limachita ming'alu koma silimwazika. Limeneli limadulika. Amalemba mzere ndi chodulira magalasi mbali imodzi, n'kulembanso mbali inayo pomwepo, kuthyola mosamala, kenako kufewetsa pulasitikiyo ndi kutentha n'kuicheka ndi lezala. Am'mbali ndi lakumbuyo, pa magalimoto a masiku ano, ndi galasi lowotchedwa n'kuziziritsidwa mwadzidzidzi kuti lilimbe. Limeneli ukangolikanda mozama limaphulika lonse n'kukhala timiyala ting'onoting'ono, tija timatsala pamsewu pamene pachitika ngozi. Silidulika ndi njira ina iliyonse. Pamafunika kupangitsa latsopano, kapena kusunga windo lakumbuyo momwe lidalili n'kuligoneka lonse ndi felemu yake.

Magalimoto a m'ma 1930 adali ndi magalasi afulati, ndipo aliyense wodula magalasi a nyumba akadatha kuphunzira. Kuyambira m'ma 1950 magalasi adayamba kupindika mozungulira, ndipo kudula galasi lopindika n'kwa mtima wautali: amalipala pang'onopang'ono ndi mchenga wopopera kapena lamba wonyowa, ndipo si zachilendo kuswa awiri lachitatu lisanatheke. Amisiri odziwa amayamba ndi galasi, n'kupanga chitsulo kuti chitsate galasilo.

Misoko ankaibisa ndi mtovu wosakaniza ndi tini. Ankausungunula ndi moto mpaka ufewe ngati phala, n'kuupaka ndi kathabwa konyikidwa m'mafuta a ng'ombe kuti usamatirire, kenako n'kuusalaza ndi tupa. Galimoto ina inkatuluka itamwa makilogalamu ambiri a mtovu. Masiku ano pali filler ya pulasitiki imene owongola mabodi athu onse amaidziwa, ndipo ndi bwino kuti zidasintha, chifukwa fumbi la mtovu ndi poizoni amene amawononga ubongo, makamaka wa ana. Koma filler ili ndi tchimo lake: ndi yotchipa ndipo imabisa chilichonse. Msoko woipa ukapakidwa filler ndi penti umawala chimodzimodzi ndi wabwino.

Kudula kwathu

Kudula galimoto kuti igwire ntchito ya kumunda si nzeru ya Amalawi okha. Ku Canada, m'zaka za mavuto a zachuma za m'ma 1930, alimi osowa ndalama za petulo ankachotsa injini n'kumangirira mahatchi kutsogolo kwa galimoto. Ku Sweden ankafupikitsa magalimoto akale n'kuwasandutsa mathirakitala. Ku Australia, mu 1934, Ford idatulutsa galimoto imene kutsogolo idali ya banja, kumbuyo ya katundu, yojambulidwa ndi Lew Bandt, ndipo kuchokera pamenepo mtundu umenewu udafalikira. Kuno kum'mwera kwa Africa tidaudziwira pa Peugeot 404 ndi pa Datsun 1200, imene idadzakhala Nissan 1400 ndipo idapangidwa ku South Africa kuyambira 1971 mpaka 2008. Ngakhale mabasi akuluakulu, chasisi chinkabwera kuchokera kunja ndipo bodi inkamangidwa ku Blantyre ndi kampani ya PEW. Manja osula mabodi dziko lino lidali nawo, ndipo likadali nawo.

Funso loyamba lisanadulidwe chilichonse n'lakuti galimotoyo mphamvu yake ili pati. Magalimoto akale, malole ndi mapikapu ambiri ali ndi chasisi, zitsulo ziwiri zikuluzikulu zoyenda kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, ndipo bodi imangokhala pamwamba yomangidwa ndi mabawuti. Land Rover, imene idatuluka mu 1948 ndipo idayenda ndi a boma, a mishoni ndi alangizi a zaulimi m'misewu yathu yonse ya fumbi, idafika poti denga lake umangomasula ndi sipanala. Bodi yake idali ya aluminiyamu, poti chitsulo chidali chosowa ku Britain nkhondo itangotha, ndipo makina owotcherera wamba saigwira. Imafuna ma rivet. Magalimoto opanda denga oonetsera alendo nyama ku Liwonde ndi ku South Luangwa amapangidwa kuchokera ku magalimoto a chasisi oterewa, ndipo amayenda pang'onopang'ono.

Koma magalimoto ang'onoang'ono amene tikuitanitsa ku Japan lero, ma Sienta, ma Probox ndi ena otero, alibe chasisi chapadera. Pansi, mizati, mbali ndi denga zidawotchereredwa pamodzi n'kukhala chinthu chimodzi, ndipo chilichonse chikugwira chinzake. Kudula kumbuyo kwa galimoto yotere kuti ikhale pikapu n'kuichotsa mbali ya msana. Imayendabe, ndipo ndi pamene pali chinyengo, chifukwa pa phula losalala simudziwa kanthu. Mizati ya magalimoto atsopano imapangidwanso ndi chitsulo cholimbitsidwa mwapadera kufakitale, chimene chikatenthedwa ndi moto wowotcherera chimataya mphamvu yake ngakhale msoko uoneke wokongola. M'mphepete mwa denga la ena mumadutsanso ma airbag.

Denga limaonetsa ntchito yake tsiku limodzi lokha, tsiku limene galimoto yagubuduzika. Ku America adaika lamulo, loyamba kugwira ntchito mu 1973, loti denga la galimoto yaing'ono lipirire kulemera kwa galimotoyo kamodzi ndi theka, ndipo mu 2009 adakweza kufika katatu. Ife a ku Bwanje nkhani imeneyi sitiyenera kuimva ngati yakutali. Msewu wa Khwekhwerere, wochokera pa Masasa kutsikira pa Golomoti, umatsika mamita pafupifupi 1,000 m'makona otsatizana. Galimoto yodzaza ikamatsika dalaivala atangoponda mabuleki m'malo moika giya yaing'ono, mabulekiwo amatentha n'kuleka kugwira. Ndipo zitsulo zija timawotcherera pamwamba kuti tisenzepo matumba zimakweza kulemera kwa galimoto m'mwamba, pamene pakona pamafunika kuti kukhale pansi. Wa ku California wotsitsa denga uja, ndi misala yake yonse, pa nkhani iyi yokha amalowera mbali yoyenera.

Za mavani osandutsidwa maminibasi, ku South Africa zidafika poipa. Anthu ankagula ma Toyota Quantum a katundu, amene ndi otchipa kuposa a anthu, n'kuboola mawindo m'mbali, kumangira mipando pansi popyapyala pamene sipadapangidwire zimenezo, n'kuwalembetsa ngati mataxi. Oterewa adapezeka oposa 2,000, ndipo mu 2019 ofesi ya Public Protector idatulutsa lipoti lodzudzula unduna wa zamtengatenga chifukwa chosawachotsa pamsewu msanga. Abale athu ambiri ogwira ntchito ku Johannesburg ndi ku Cape Town amakwera mataxi tsiku lililonse. Pobowola windo m'mbali mwa vani, grinder siisankha. Imadula lata pamodzi ndi nthiti zimene zimanyamula denga.

Sindikunena kuti owotcherera athu alibe luso. Munthu amene amatenga ekiselo ya galimoto yakufa, zitsulo zingapo ndi matabwa, n'kupanga ngolo yoti inyamule mpunga ndi thonje zaka zambiri m'matope a chigwa chino, magetsi akuzimazima, ndi mmisiri weniweni. Chimene chimasowa ndi nthawi yoyeza ndi ndalama yolipira ntchito yosaoneka. Palibe kasitomala amene amafunsa za chitsulo cholowetsedwa mkati mwa mzati. Amafunsa za penti.

Yoyenera kudulidwa ndi iti

Ku America mpaka lero pali mkangano pakati pa osunga magalimoto akale momwe adalili ndi odula. Osunga amati Mercury iliyonse yodulidwa ndi Mercury imodzi yochotsedwa m'mbiri. Odula amati ambiri mwa magalimotowo adawatola akuwola ndi dzimbiri m'minda. Kuno mkangano umenewu sitidaufike, chifukwa mdani wa magalimoto athu akale si sowo ya wokonda maonekedwe, koma sikelo ya ogula zitsulo zakutha. Peugeot 404 kapena Land Rover imene yakhala pansi pa mtengo wa mango zaka zambiri, nkhuku zikuikira mazira pa mpando wa dalaivala, tsiku lina imangophwasulidwa n'kukwera lole pa mtengo wa pa kilogalamu. Maganizo anga ndi akuti galimoto yakale imene ikadali yathunthu isadulidwe, poti zatsala zochepa ndipo zimanena mbiri ya misewu yathu. Imene denga lidadyedwa kale ndi dzimbiri, mwini luso achite nayo zimene mtima wake ukufuna. Ndi bwino kuposa sikelo.

Kungoti aganizire za kuno. Denga lotsika limatanthauza mawindo ang'onoang'ono ndi lata lotentha pafupi ndi mutu, ndipo amene adakhalapo pa Mtakataka mu Okutobala akudziwa tanthauzo lake. Mpando uyenera kutsitsidwa kuti mutu usagunde pa bampu iliyonse. Galasi lochepa limabisa wapanjinga, mwana wa sukulu ndi ng'ombe zodutsa M5 madzulo.

Pali gulu lina la amisiri a dera lino limene limatsitsa ndi kukweza madenga tsiku ndi tsiku popanda ngozi. M'mbali mwa msewu wa Khwekhwerere osema amagulitsa timagalimoto tamatabwa, ndipo Land Rover zawo zimakhala ndi zitseko zotseguka, tayala la sipeya ndi kaliyala pamwamba. Ana opanga magalimoto a mawaya nawonso amasankha okha kutalika kwa denga, ndipo mukawaonetsetsa mupeza kuti ya mpikisano amaigwetsa pansi, ya katundu amaitukula. Diso loona mzere wa galimoto, limene Sam Barris adatchuka nalo, lili ponseponse m'dera limene lili ndi sukulu ya zosema ya Kungoni pa Mua kuyambira 1976.

Wodula galimoto yeniyeni akumbukirenso mapepala. Ku Road Traffic galimoto idalembedwa mtundu wa bodi yake, nambala ya chasisi ndi chiwerengero cha anthu oyenera kukweramo, ndipo ikasintha zolembedwazo ziyenera kusinthanso, galimoto n'kuyesedwa kuti ipeze COF. A inshuwalansi nawonso sachedwa kukana kulipira akapeza kuti galimoto ya pangozi si imene adailemba. Ndipo ngati mukugula galimoto imene ina mwa mbali zake idadulidwapo, yendetsani maginito pa mizati ndi pa denga, bodi ikakhala yachitsulo osati ya aluminiyamu. Pamene sakugwira pali filler yochindikala. Kenako kwezani tayala limodzi pa mwala waukulu, muzimitse injini, mutsegule ndi kutseka zitseko zonse chimodzichimodzi. Chikakanirira chimodzi, bodiyo ikupotoka, ndipo musalipire.